Kodi Mlandu Ngwa Mphunzitsi Yekha?

Makolo akale, pokhala pansi pa kachere kuti aweruze munthu amene walephera ntchito, sankathamangira kumlipitsa mbuzi. Ankayamba afunsa kuti anamtuma ndani, anampatsa chiyani m'manja, anampatsa masiku angati, ndiponso anapangana zotani iye asananyamuke. Munthu wotumidwa kukasema bwato atapatsidwa nkhwangwa yobuntha sankalipa yekha. Mwini nkhwangwayo nayenso ankaitanidwa kuti adzakhale pa mphasa ya oyankha mlandu. Mwambo umenewu unali wanzeru, ndipo m'midzi yambiri udakalipo. Koma pali bwalo limodzi m'dziko muno limene linautaya kalekale, ndilo bwalo loweruza aphunzitsi a mpira wa miyendo.

Bwalo limeneli lilibe nyumba kapena mfumu. Wofuna kuliona apite ku Makata m'mawa wotsatira tsiku limene timu ya dziko lino, Flames, yagonja. Anthu amatsetsereka kuchokera ku Ndirande kunka ku mafakitale, ena kwa oomba nsalu, ena kwa ofulula mowa, ndipo poyembekeza kuti mlonda atsegule chipata, mlandu umayamba. Mboni ndi iwo omwe, oimba mlandu ndi iwo omwe, oweruzanso ndi iwo omwe. Belu lisanalire chigamulo chagwa kale, ndipo chimakhala cha liwu limodzi: achoke! Achoke mphunzitsi, achoke wachiwiri wake, achoke wophunzitsa magoloboyi, achoke ndi wonyamula madzi yemwe.

Anthu amenewa sayenera kunyozedwa. Ambiri a iwo akhala akuyenda pansi kunka ku Chichiri kuyambira ali ana, nalipira pakhomo ndalama imene ikanagula ndiwo za masiku awiri. Mpira amaudziwa, ndipo mkwiyo wawo uli ndi chifukwa, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Cholakwika n'chakuti mkondo wawo amauponya pansi kwambiri. Chigamulo cha pa chipata cha fakitale chikakwera kufika ku Chiwembe, kumene kuli likulu la bungwe loyendetsa mpira la FAM, chimalandiridwa ndi manja awiri, popeza ndicho chokha chimene sichikhudza mpando wa munthu aliyense wokhala m'menemo.

Mndandanda wa ochotsedwa

Nkhani yotere imamveka bwino ndi maina. A Kinnah Phiri, amene anyamata a masiku ano amangomva mbiri ya zigoli zawo kwa agogo awo, analandira timu ya dziko lino m'chaka cha 2008, a Stephen Constantine a ku England atatula pansi udindo. M'chaka chomwecho anagonjetsa Egypt 1-0 pa bwalo la Kamuzu, Egypt imene inali itangotenga kumene chikho cha Africa. M'chaka cha 2009 anafanana mphamvu 1-1 ndi Ivory Coast ya Didier Drogba pa bwalo lomwelo, ndipo mu Januwale 2010 ku Angola anakwapula Algeria 3-0, Malawi atabwerera ku mpikisano waukuluwo koyamba chichokere 1984. Pamenepo panalibe munthu ku Makata wokayikira nzeru zawo. Koma mu Okutobala 2011 Chad inabweza chigoli kumapeto kwenikweni kwa masewero ku N'Djamena, mwayi wobwererako unatayika, chaka chotsatira Ghana inatseka njira, ndipo mu Januwale 2013 a Phiri anachotsedwa pamodzi ndi anzawo awiri ogwira nawo ntchito, a Young Chimodzi ndi a Jack Chamangwana.

Tsono wowerenga aone chimene chinatsatira. M'chaka cha 2014, anthu amene anapatsidwa timu ija anali a Young Chimodzi ndi a Jack Chamangwana omwewo. Nanga anachotsedweranji? Ngati anali osadziwa ntchito mu 2013, nzeru anakazitola kuti m'miyezi yowerengeka? Ngati anali odziwa, ndani anayankhapo pa kulakwa kowachotsa? Funso limeneli silinayankhidwe, chifukwa silinafunsidwe n'komwe.

Pakati pa zaka ziwirizo panadutsa a Eddington Ng'onamo, ndiponso mlendo wa ku Belgium, a Tom Saintfiet, amene anabwera pakati pa chaka cha 2013 kudzakonzekeretsa timu masewero amodzi okha, a ku Calabar ndi Nigeria. Anagonja 2-0 mu Sepitembala, nalongedza katundu wawo. Anthu anati mzungu uja analibe kanthu. A Chimodzi anagonjetsa Mali 2-0 mu 2014, koma mu Juni 2015 Zimbabwe inafika ku Blantyre pa basi patangotsala maola ochepa kuti masewero ayambe, niwina 2-1, ndipo mpando unawasiya. Anabwera a Ernest Mtawali, osatha chaka chathunthu pa mgwirizano wawo. Anagwirizira a Nsanzurwimo Ramadhan. Anagwiriziranso a Gerald Phiri. Anabwera a Ronny Van Geneugden, a ku Belgium nawonso, mu 2017. A Meke Mwase mu 2019. A Mario Marinica a ku Romania. A Patrick Mabedi mu 2023. Kenaka a Kalisto Pasuwa mu 2024, amene, chodabwitsa chake, ndiwo ankatsogolera Zimbabwe ija ya pa basi. Anthu oposa khumi m'zaka khumi ndi ziwiri. Mlimi wosintha mbewu mwezi uliwonse m'munda umodzimodzi, nadzula chimanga chisanamasule kuti abzale mapira, nadzulanso mapirawo kuti abzale nandolo, anzake samutcha wakhama. Amamutcha dzina lina.

M'zaka zambiri za kusinthasintha kumeneku mtsogoleri wa FAM anali mmodzi. A Walter Nyamilandu anakhala pa mpando kuyambira 2004 kufikira Disembala 2023. Kunena zoona, maulendo awiri a ku chikho cha Africa, wa ku Angola ndi wa ku Cameroon, anachitika m'nthawi yawo, ndipo ulemu umenewo palibe angawalande. Koma wolandira ulemu pa tsiku la phwando alandirenso mafunso pa tsiku la maliro, pakuti tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Mphunzitsi sadzilemba yekha ntchito. Pali anthu amene anawerenga makalata ake, namfunsa mafunso, nasainira mgwirizano, nauza mtundu kuti apeza munthu woyenera. Akamchotsa patapita miyezi khumi, ndiye kuti chimodzi mwa ziwiri n'choona: kapena analakwa pomlemba, kapena alakwa pomchotsa. Konsekonse dzanja lolakwa ndi lawo. Ndipo matendawa si a munthu mmodzi ayi, chifukwa utsogoleri utasintha, a Fleetwood Haiya atalowa, chaka sichinathe mphunzitsi wina asanachotsedwe.

Za a Meke Mwase

Pa onsewa, nkhani imene iyenera kukhaliridwa pansi ndi ya a Meke Mwase, chifukwa m'menemo muli zonse.

Pa 29 Malichi 2021, pa bwalo la Kamuzu, Richard Mbulu anamwetsa chigoli chimene chinagonjetsa Uganda 1-0, ndipo Malawi inapeza malo ku chikho cha Africa kachitatu m'mbiri yake yonse. Mphunzitsi anali a Mwase, Mmalawi wolankhula modekha, wosadziwa kudzitama. Miyezi yotsatira timu inalowa mpikisano wofuna malo ku chikho cha dziko lonse, m'gulu limodzi ndi Cameroon, Ivory Coast ndi Mozambique, ndipo pa masewero asanu ndi amodzi inawina amodzi okha. Zimenezi zinali zowawa, ndipo palibe angazibise. Koma oweruza a pa chipata anaiwala kufunsa kumene masewero a pakhomo anachitikira. Sanachitikire ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Oyang'anira mpira mu Africa anali atakana mabwalo a dziko lino kuti ngosayenera, kotero kuti Mozambique ndi Ivory Coast zinalandiridwa ku Johannesburg, pa bwalo la Orlando, kutali ndi ng'oma ndi nthungululu za Amalawi. Kodi ndi a Mwase amene analekerera mabwalo kuti awonongeke? Kodi ndiwo anali ndi makiyi a thumba la boma?

Mmalo mofunsa zimenezi, bungwe linachita chinthu chachilendo. Patangotsala milungu yowerengeka kuti timu inyamuke kunka ku Cameroon, a Marinica, amene anabwera kudzakhala mkulu woona za luso ndi chitukuko cha mpira, anaikidwa pamwamba pa a Mwase, ndipo munthu amene anapezera dziko malowo anasanduka wothandizira pa ulendo wake womwe. M'mudzi, munthu wosaka nyama akaibweretsa pabwalo, mpeni wogawira sapatsidwa kwa mlendo wofika madzulo. Komatu zinthu zili ndi njira yake yochititsira anthu manyazi. Mlendoyo anagwidwa ndi matenda a Covid-19 masewero asanayambe, ndipo amene anaima pambali pa bwalo pa masewero awiri oyamba anali a Mwase omwe aja. Anagonja 1-0 kwa Guinea, nagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango. Kupambana kokha kumene Malawi inapeza pa mpikisano wonsewo kunali kumeneko. A Marinica atachira, timu inafanana mphamvu 0-0 ndi Senegal, nilowa ndime yachiwiri koyamba m'mbiri, kenaka n'kugonja 2-1 kwa Morocco pa 25 Januwale 2022, tsiku limene Mhango anamwetsa chigoli cha patali chimene dziko lonse lapansi linachionera.

Tsono ulemu wa ku Cameroon unali wa yani? Woganiza bwino anena kuti unali wa onse awiri, ndi wa anyamata amene anathamanga. Koma mu Epulo 2022 a Mwase anachotsedwa, a Marinica napatsidwa timu yonse. Ku Makata ambiri anaomba m'manja, nati tsopano mpira wachangu wafika. Patapita chaka chimodzi chokha, mu Malichi 2023, Egypt inagonjetsa Malawi 2-0 ku Cairo ndi 4-0 pa bwalo la Bingu ku Lilongwe, ndipo pakamwa pomwe paja panatuluka liwu lomwe lija. A Marinica anapita.

Mlandu suwola. A Mwase anakadandaula ku bwalo la milandu ya za ntchito, ndipo m'chaka cha 2024 bwalolo linapeza kuti anachotsedwa mopanda chilungamo, ndiponso kuti pa malipiro anasalidwa powayerekeza ndi aphunzitsi ochokera kunja ogwira ntchito yomweyo. Chipukuta misozi chimene bwalolo linatchula chinali choposa K400 miliyoni. Wowerenga alingalire yekha kuchuluka kwa mipira, nsapato ndi magolo achitsulo amene ndalama zotere zikanagulira sukulu za ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri pamodzi. Liwu lija loti "achoke" potuluka pakamwa ndi laulere, koma pofika kumapeto limakhala ndi mtengo, ndipo wolipira si amene anasaina kalata yochotsa munthu. Wolipira ndi mwana wosewera chikulunga pa fumbi la ku Makata.

Chimene mphunzitsi ali nacho m'manja

Wogwira ntchito m'fakitale ya nsalu amadziwa chinthu chimodzi chimene amachiiwala akafika pa nkhani ya mpira. Nsalu ikatuluka yoipa, kapitawo amafunsidwa, inde. Koma munthu wanzeru amayang'ananso thonje limene linalowa, ulusi umene unapotedwa, makina amene akhala zaka osakonzedwa, ndi magetsi amene anazima pakati pa ntchito. Kapitawo woikidwa dzulo sangasandutse thonje lovunda kukhala nsalu yosalala. Mphunzitsi wa timu ya dziko ali ngati kapitawo woima kumapeto kwenikweni kwa mzere wa makina: amalandira chimene ena anapota zaka khumi zapitazo.

Mnyamata amene sanaphunzire kuimitsa mpira ndi phazi lamanzere ali ndi zaka khumi ndi ziwiri sadzaphunzira ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, ngakhale mphunzitsi atachokera kumwamba. Ndipo nthawi imene mphunzitsiyo amakhala nawo anyamatawo ndi yochepa zedi. Malamulo a FIFA amalola matimu kutulutsa osewera awo kwa masiku osakwana khumi, ndipo m'masiku omwewo muli masewero awiri ndi ulendo wautali wa pa ndege. Wochokera ku South Africa afika Lolemba, wochokera ku Mozambique kapena ku Tanzania afika Lachiwiri, masewero ali Lachinayi. M'masiku awiri otere munthu angaphunzitse chiyani? Angakonze kaimidwe, angalimbitse mitima, angasankhe oyamba ndi otsalira. Kupitirira apo n'kunama.

Ku America kuli mpira wina wotchedwa baseball, woponya ndi dzanja ndi kumenya ndi chibonga. Kumeneko timu iliyonse ya mu ligi yaikulu imasewera masewero 162 pa chaka, ndipo ngakhale timu yotenga chikho imagonja kangapo konse m'masewero amenewo, kotero kuti kugonja kanayi motsatizana sikudabwitsa munthu. Woweruza mphunzitsi kumeneko ali ndi mulu wa umboni patsogolo pake. Kuno munthu amaweruzidwa pa masewero anayi, awiri mwa iwo olimbana ndi timu imene osewera ake amadyera ku England ndi ku France. (Kumeneko komwe kunali nkhalamba ina, Connie Mack, imene inatsogolera timu ya Philadelphia Athletics zaka 50, kuyambira 1901 mpaka 1950, zaka zina ikutenga zikho, zaka zambiri ili pansi penipeni, osachotsedwa. Chinsinsi chake n'chakuti inali mmodzi wa eni timu. Wogwira mpeni sadzicheka, ku America ngakhale ku Chiwembe.)

Senegal imene inafanana mphamvu ndi Malawi ku Cameroon ndiyo inatenga chikho chaka chimenecho. Mphunzitsi wake, Aliou Cissé, analembedwa mu 2015. Mu 2017 anatuluka pa mapenate m'ndime ya matimu asanu ndi atatu. Mu 2019 anagonja 1-0 kwa Algeria m'masewero otsiriza. Anthu a ku Dakar anafuula monga afuulira a ku Makata, koma akuluakulu anagwira mtima, ndipo mu Febuluwale 2022 chikho chinafika. M'zaka zomwezo Malawi inali itasintha aphunzitsi kasanu ndi kamodzi. Ndiponso pansi pa Cissé panali sukulu za mpira monga Génération Foot, kumene kunachokera Sadio Mané, ndi Diambars, zopota ulusi chaka ndi chaka. Wina anganene kuti Senegal ndi dziko la osewera otchuka, losayenera kufanizidwa ndi lino. Chabwino. Nanga Gambia, kadziko kakang'ono ka anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi Malawi? Pa mpikisano womwewo wa ku Cameroon, Gambia inafika koyamba m'mbiri yake, nilowa mpaka m'ndime ya matimu asanu ndi atatu, kupitirira pamene Malawi inalekera. Mphunzitsi wake anali a Tom Saintfiet, mzungu uja wopanda kanthu, amene kuno anapatsidwa miyezi iwiri, kumeneko napatsidwa zaka kuyambira 2018.

Ngakhale m'mbiri ya dziko lino umboni ulipo. Zikho ziwiri za kum'mawa ndi pakati pa Africa, cha 1978 ndi cha 1979, zinabwera pansi pa a Ted Powell, amene anakhala ndi gulu limodzi la anyamata zaka zingapo. A Kinnah Phiri omwe aja, pokhala ndi Bakili Bullets mu 2004, m'nthawi imene timuyo inali ndi thumba lodzaza, anafika nayo pa matimu asanu ndi atatu otsiriza a mu Africa monse. Thumba litauma, ulemererowo unauma nawo, ngakhale bwalo, ochemerera ndi malaya ofiira zinali zomwezo. A Pasuwa anatenga ligi ya dziko lino kasanu motsatizana ndi Bullets, ndipo mu 2023 anasesa zikho zonse zinayi, kuphatikizapo cha Castel, kampani yofulula mowa ya ku Makata komweko. Koma timu yomweyo potuluka kunja inagwetsedwa ndi Simba ya ku Tanzania mu 2022 ndi TP Mazembe ya ku Congo mu 2023, osamwetsa ndi chigoli chimodzi chomwe m'masewero anayiwo. Kodi a Pasuwa ankakhala anzeru ku Chichiri ndi kusanduka opusa pa ndege? Ayi. Denga la nyumba ndi limenelo, ndipo wamtali ndi wamfupi yemwe amagunda mutu pomwepo.

Mlandu wake weniweni

Pasakhale wina woganiza kuti nkhani ino ikuti mphunzitsi ndi mwana wakhanda wosafunsidwa kanthu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wolandira malipiro a utsogoleri alandirenso mafunso ake. Kudekha pakokha si mankhwala. A Van Geneugden anapatsidwa zaka ziwiri zathunthu, namasewera masewero oposa makumi awiri, ndipo amene anawina ngosadzaza zala za dzanja limodzi. Pamenepo ochemerera sanalakwe kudandaula. Koma ngakhale pamenepo funso loyamba libwerera kwa owalemba ntchito: anaona chiyani mwa iwo, ndipo anapangana kuti pakutha pa zaka ziwiri padzaoneke chiyani?

Mphunzitsi ali ndi zake zimene ayenera kuyankha yekha, popanda kuloza bwalo kapena thumba. Ngati asiya mnyamata amene akumwetsa zigoli sabata ndi sabata ku Karonga kapena ku Dedza, natenga wa timu yaikulu amene wakhala pa benchi miyezi itatu, afunsidwe. Ngati timu yake igoletsedwa zigoli za mtundu umodzimodzi mwezi ndi mwezi, mpira wa pakona ukugwa pakati pa anthu anayi oyang'anana, afunsidwe kwambiri, pakuti chimenecho n'chokonzeka m'masiku awiri aja. Ngati aona kuti mbali ina yabooka naima chilili manja m'thumba mpaka mphindi zitatha, ngati anyamata akutuluka m'bindikiro usiku iye osadziwa kapena kudziwa koma osanena, ngati pakutha pa zaka ziwiri palibe mnyamata ndi mmodzi yemwe amene angalozedwe kuti uyu anakula m'manja mwake, mlandu ngwake. Zimenezi ndizo zoyezera, ndipo zimaoneka ngakhale pa tsiku limene timu yawina. Chiwerengero cha zigoli pachokha chimanama kawirikawiri: mpira wogunda mtengo n'kulowa ndi wogunda mtengo n'kutuluka asiyana ndi chala chimodzi, koma wina amapatsa munthu ntchito ya zaka ziwiri, wina namchotsa.

Za othandizira ake ndiye zomvetsa chisoni koposa. Iwo amaweruzidwa ngati mbuzi za m'khola limodzi, osafunsa kuti inalowa m'munda ndi iti. Wophunzitsa magoloboyi ayenera kuyezedwa poona magoloboyi. Woona za mphamvu za thupi ayezedwe poona ngati anyamata akutha mpweya m'mphindi zotsiriza ndiponso ngati akuvulala minofu kawirikawiri. Wachiwiri kwa mphunzitsi ayezedwe poona ngati timu ikudziwa za mdani isanalowe m'bwalo. Iliyonse ndi ntchito payokha. Kuwasesa onse tsiku limodzi ndiko kutaya chikumbukiro cha timu, kotero kuti wobwerayo amayamba pa chiyambi, kufunsa maina a osewera ndi mbiri ya mabondo awo. Ndiponso mphunzitsi amene wasankhiridwa othandizira ndi anthu ena, mwina anthu amene akuyembekeza mpando wake womwe, sangaimbidwe mlandu wa kusamvana kwa pa benchi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo zimene zinachitika pa ulendo wa ku Cameroon, mitu iwiri pa thupi limodzi, zinatha bwino mwa mwayi chabe.

Chofunika si chinthu chovuta kapena chodula. Tsiku limene bungwe lilemba mphunzitsi, liuze mtundu poyera zimene lapangana naye: afike pati, m'zaka zingati, ndi masewero angati opimana mphamvu, ndi masiku angati a m'bindikiro, ndi othandizira osankhidwa ndi yani. Tsiku lomchotsa, pepala lomwelo liwerengedwenso poyera, mbali zonse ziwiri, ya zimene iye analephera ndi ya zimene bungwe linalonjeza osachita, pamodzi ndi ndalama zimene kuchotsako kudye. Atolankhani ndi a pa wailesi, amene amathamangira kufunsa anthu m'misewu ngati mphunzitsi achoke kapena akhale, akanathandiza koposa akanapita ndi funso limeneli ku Chiwembe ndi ku unduna wa zamasewero. Ochemerera nawonso ali ndi mphamvu imene saidziwa: mawu omwewo amene amagwetsa mphunzitsi m'sabata imodzi angathe kufunsa chifukwa chake bwalo la Kamuzu, limene lili pakhomo pawo, linafika pokanidwa, ndi chifukwa chake mpira wa m'sukulu unasiyidwa kwa aphunzitsi odzipereka okha opanda mpira ndi umodzi womwe.

A Patrick Mabedi, amene anali mtsogoleri wa osewera ku Kaizer Chiefs m'masiku awo, anafikitsa timu m'ndime ya matimu anayi pa chikho cha COSAFA mu 2023 ndi anyamata ambiri osewera kuno komwe, ndipo anthu anati wopulumutsa wapezeka. Anapatsidwa mgwirizano wa zaka ziwiri. Mu Sepitembala ndi Okutobala 2024 anagonja kanayi motsatizana, kwa Burundi pa bwalo la Bingu, kwa Burkina Faso, ndi kawiri kwa Senegal, ndipo anachotsedwa chaka chimodzi chokha chitatha pa ziwiri zija. Kugonja kwa Burundi pakhomo kunalidi mlandu woti ayankhe. Kwinako kunali kugonja kwa wamng'ono pamaso pa wamkulu. Mu Novembala a Pasuwa anagwirizira, nafanana mphamvu 0-0 ndi Burundi, nagonjetsa Burkina Faso 3-0 ku Lilongwe. Usiku umenewo malipenga a galimoto analira ku Ndirande ndi ku Bangwe, ndipo m'mawa mwake anthu anauzana kuti vuto lija linali mphunzitsi basi. Ochepa okha ndiwo anakumbukira kuti Burkina Faso inabwera itapeza kale malo ake ku Morocco, ndi kuti Malawi inalowa m'bwalo tsiku limenelo itatuluka kale mu mpikisano.